Ndithandizeni kufufuza mbiri ya apongozi anga a ku Australia

Moni nonse abale. Apongozi anga, mayi wa ku Newcastle m'chigawo cha New South Wales, anatisiya chaka chatha. Ana akufunsa za makolo a agogo awo, ine kukamwa yasa. M'chitini cha mabisiketi tinapezamo chithunzi chothimbirira cha mayi a apongozi angawo atayima padoko, kuseri kwake kunalembedwa Fremantle basi, lomwe ndi dzina la doko la m'chigawo cha Western Australia.

Ndafufuza nyuzipepala zakale pa Trove, tsamba la pa intaneti la laibulale yaikulu ya dziko la Australia, osapeza kanthu. Kaundula wa obadwa wa New South Wales amaonetsa pa intaneti okhawo amene anabadwa zaka zoposa 100 zapitazo. Achibale otsala sakudziwanso dzina la kumtundu la mayiwo.

Popeza chithunzicho ndi cha padoko, alipo amene anafufuzapo mayina a okwera sitima zapamadzi ku National Archives of Australia, komwe amasunga zikalata zakale za boma? Munthu amayambira pati ngati sakudziwa dzina la sitimayo?