Mwana wanga akufuna digiri yoyang'anira ntchito zomanga koma Physics anapeza 7, abwereze kapena alowe kaye ku technical?

Mwini funso, Mangochi boma

Moni nonse pa gulu lino. Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mwana wanga wachisamba, mtsikana. Ndikupempha makamaka inu amene munadutsa ku Poly, aphunzitsi a sekondale, ndi inu amene muli m'makampani a zomangamanga kuti mundiunikire.

MSCE yake yatuluka motere: Masamu 3, Geography 3, Agriculture 3, Chingerezi 4, Chichewa 4, Biology 5. Onse pamodzi mapointi 22. Physics ndi Chemistry anapeza 7 zonse ziwiri. Anaphunzira pa CDSS ina konkuno komwe zipangizo za sayansi ankangoziona zojambulidwa pa bolodi, ndiye sindikumudzudzula.

Chimene mwanayu akufuna si kugwira chipande ngati ine. Akufuna kukhala munthu woyendetsa saiti yonse: kudziwa kuti nyumba idya ndalama zingati isanayambe, ntchito iti iyambe iti idikire, amisiri alipidwe liti. Akatsekera sukulu ndi iyeyo amene amasunga kope langa la ntchito. Amalemba matumba a simenti omwe alowa ndi omwe atuluka, matilipu a mchenga ndi kwale, zitsulo za Y12 zomwe zadulidwa, ndipo madzulo amandiuza kuti bambo, mukapitiriza chonchi simenti ithera pa mawindo. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho.

Chifukwa chake nkhaniyi ndayigwira ndi manja awiri ndi ichi. Yendani ku Mpondasi, ku Namiyasi, ku Chimwala, kwerani mpaka ku Namwera, muwerenge nyumba zomwe zinaima pa lintala, udzu n'kumera m'zipinda. Zambiri mwa izo ndi za anyamata athu omwe ali ku Joni. Anthu amathamangira kunena kuti achibale anadya ndalama, ndipo kwina ndi zoona. Koma ine amene ndimakhala pa saiti ndikuuzani kuti zambiri zinafa chifukwa panalibe munthu wowerengera. Mwini nyumba anatumiza pulani ya zipinda zambiri yomwe anaiona pa foni, mmisiri anatchula mtengo wa pakamwa, ndalama inathera m'maziko ndi m'makoma, za denga palibe anaziganizira. Dera lino likusowa anthu ophunzira ntchito imeneyi, ndipo ntchito zikuluzikulu zikabwera, otiyang'anira amachokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ine ndikufuna wanga adzakhale pakati pawo.

Tsono mafunso anga ndi awa. Kodi ndi mapointi amenewa angatengedwe ku yunivesite ya boma pa maphunziro a zomanga? Nanga kosi yake yeniyeni dzina lake ndi chiyani, popeza iye amangoti construction management? Amalume ake akuti asataye chaka, apite ku Nasawa akaphunzire ntchito yamanja, digiri adzaipeza m'tsogolo. Mayi ake akuti abwereze Fomu 4. Ine ndili pakati, ndipo ndalama yanga ndi ya mmisiri, siingakwanitse kuyesa njira zonse ziwiri.

Mphunzitsi wa Masamu, Monkey Bay

Bambo, poyamba muyamikireni mwanayo. Mtsikana wa pa CDSS kupeza 3 pa Masamu si zamasewera.

Nkhani ili chonchi. Ku MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Kuti munthu apikisane nawo pa masankhidwe a mayunivesite a boma omwe amayendetsa a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, amafunika ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi. Apa mwana wanu wakwanitsa, khomo loyamba walowa. Koma kosi iliyonse ili ndi khomo lakenso. Maphunziro a uinjiniya amafuna credit ya Masamu ndi ya sayansi, yomwe kale inali Physical Science koma pano inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry. Pamene pakufunika credit ya Physics, 7 sawerengedwa ngakhale maphunziro enawo atakhala okongola bwanji. Ndipo kukwanitsa zofunikazo sikutanthauza kuti watengedwa, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amayambira kwa amene anakhoza kwambiri pa maphunziro omwe kosiyo ikuyang'ana.

Ine ndikugwirizana ndi mayi ake, abwereze. Koma asabwerere pomwe paja. Mupezereni sukulu yomwe ili ndi labu yogwira ntchito, chifukwa Physics ndi Chemistry zili ndi mayeso a pulakitiko, ndipo mwana amene sanagwirepo chipangizo amanjenjemera tsiku la mayeso. Wa 3 pa Masamu sangakanike Physics akapeza mphunzitsi.

Quantity surveyor, Blantyre

Madala, ndikuyankheni pa dzina la kosi, chifukwa apa ndi pomwe ana ambiri amasochera polemba fomu. Asamangofunafuna mawu oti construction management. Ife amene tikuyendetsa masaiti m'dziko muno ambiri tinachokera ku Civil Engineering, Quantity Surveying kapena Architecture, ndipo uyang'aniri wa ntchito tinauphunzira m'kati mwa makosi amenewo, kenako pa saiti penipeni. Onsewa ali ku MUBAS ku Chichiri, yomwe inu mukuitchula kuti Poly. Inachoka pansi pa University of Malawi n'kuima payokha mu 2021. Civil Engineering ndi ya zaka 5, ndipo ili ndi nthambi za misewu, za madzi, ndi za kulimba kwa zomanga. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a za malo, monga kuyeza malo ndi kukonza mapulani a matauni, omwe ndi apafupi ndi ntchito yathu koma si a pa saiti tsiku ndi tsiku.

Mmene mwamufotokozera mwanayo, ndi kope lake lija, ameneyo ndi wa Quantity Surveying. Ntchito yathu ndi yomweyo imene akuchita kale, kungoti ife timaichita nyumba isanakumbidwe n'komwe. Timatenga pulani, timayeza khoma lililonse, konkire yense, chitsulo chilichonse, malata ndi matabwa, n'kulemba chikalata chotchedwa BOQ chomwe makontilakitala amaikapo mitengo popikisana. Ntchito ikayamba, mwezi ndi mwezi timapita kukayeza zomwe zamangidwadi kuti kontilakitala alipidwe za zimene wagwira, osati zimene wanena. Mwini ntchito akasintha maganizo pakati, mwina akufuna khonde lomwe pa pulani panalibe, ndife timawerengera mtengo wake asanavomere. Kusukulu amaphunzitsanso malamulo a makontilakiti, kamangidwe, ndi kuyeza malo. Masamu ake si oopsa ngati a Civil, koma amafuna munthu wosatopa ndi kuwerenga tinthu ting'onoting'ono.

Chilengezo cha NCHE chikatuluka, chimalemba pa kosi iliyonse ma credit ofunika, ndiponso zaka za MSCE zomwe zikulandiridwa ulendo umenewo. Muchiwerenge limodzi ndi mwanayo mzere ndi mzere, musadalire za m'maluwa. Ndipo poti ndi mtsikana, asaope. Pa saiti amisiri amamuyesa mtsikana masiku oyamba, koma akaona kuti akudziwa kuwerenga pulani ndipo sanyengerera pa muyezo, amayamba okha kumufunsa.

Foromani, Liwonde

Ine ndisiyana nanu pang'ono abale. Nonse mukukamba ngati kubwereza n'kwaulere ndipo zotsatira zake n'zodziwikiratu. Alipo ana amene anabwereza n'kupeza mapointi oipa kuposa oyamba. Amalume akewo sakulakwa. Ine ndinadutsa ku technical, ndipo lero ndikuyang'anira anthu. Makoleji ngati Nasawa ku Zomba, Soche ku Blantyre, Namitete ndi Salima amatenga ana kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ndi satifiketi yake ya MSCE imeneyi mwanayo ali ndi mwayi waukulu. Akamaliza, agwire ntchito, apeze dipuloma, kenako alowe ku yunivesite pa khomo la mature entry lomwe limayang'ana dipuloma ndi zaka zomwe munthu wagwira ntchito. Wotereyu akadzavala chipewa choyera palibe mmisiri angamunamize. Ndaonapo omaliza digiri akulephera kuzindikira kuti konkire wachuluka madzi, kapena kuti silabu sinathiriridwe masiku 7 oyamba aja.

Mayi wa ana atatu, Malindi

Achimwene a ku Liwonde, njira mukunenayo ndi yabwino kwa mnyamata. Kwa mtsikana wa kuno kwathu ndi yaitali kwambiri. Muwerenge zaka za ku technical, za kugwira ntchito, za dipuloma, ndiye kenako digiri. Pakati ponsepo pali anyamata obwera kuchokera ku Joni mu Disembala, pali azakhali ofunsa kuti akwatiwa liti, ndipo akangoyamba kulandira kandalama abale onse amayang'ana kwa iye, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndaziona ndi maso anga kwa atsikana anzeru. Chitsulo chisuleni chikadali chamoto, bambo. Chaka chimodzi cha kubwereza n'chachifupi kuyerekeza ndi ulendo umenewo.

Foromani, Liwonde

Mayi, pamenepo ndamva ndipo sinditsutsa. Ndingopempha kuti akabwereza, fomu ya TEVETA adzalembenso, kuti kukakanika uku asadzakhale pakhomo.

Wa kwa Makanjira, pano ndili ku Pretoria

Che bambo, mwina wina akuuzani kuti mumutumize kuno poti digiri ya dzina lenilenilo iliko. Ilikodi, University of Pretoria ili ndi BSc Construction Management. Koma MSCE payokha siikwanira kulowera digiri kuno, amafuna maphunziro oposera apo ndi chikalata cha exemption chololeza munthu kulowa yunivesite. Onjezanipo fizi ya mlendo, chitupa chophunzirira, inshulansi ya chipatala ndi lendi. Musamutumize mwana wamkazi kuno pongodalira kuti abale ake amuonera, ambirife tikugona mothithikana ndipo timachoka m'bandakucha. Aphunzire kumudzi konko. Ndipo zimene mwanena za nyumba zathu n'zoona, yanga inaima pa lintala pomwepo. Akanakhalapo munthu wondiwerengera zonse poyamba, ndikanamanga yaing'ono n'kuimaliza.

Mlangizi wa achinyamata, Zomba

Ndiwonjezere ziwiri. Zotsatira zikangotuluka, makoleji oima paokha amalengeza kwambiri, ndipo ena amatchula makosi a mayina okoma. Musanapereke ngakhale ndalama ya fomu, fufuzani pa mndandanda wa NCHE ngati kolejiyo inalembetsedwa, komanso ngati kosi yeniyeniyo inavomerezedwa, chifukwa koleji itha kukhala yovomerezeka pamene kosi ina m'kati mwake isanavomerezedwe. Pa ntchito imeneyi pepala limayang'anidwa kawiri: polembedwa ntchito, komanso polembetsa ku mabungwe a akatswiri, monga Malawi Engineering Institution kwa mainjiniya ndi bodi ya ma architect ndi ma quantity surveyor. Ngakhale tsiku lomwe adzafune kutsegula kampani yakeyake, bungwe lolembetsa makontilakitala lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC lidzafunsa mapepala a anthu aluso omwe ali m'kampanimo.

Chachiwiri ndi fizi. Akadzatengedwa, pali ngongole ya boma ya ophunzira osowa kudzera ku HESLGB. Simaperekedwa yokha, munthu amachita kufunsira ndipo si onse amapatsidwa, choncho yambani kusunga kangachepe panopa. Chaka choyamba ku Blantyre chimafuna malo ogona, chakudya ndi laputopu.

Mwini funso, Mangochi boma

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Usiku wathawu tinakhala pansi ndi mayi ake, amalume ake ndi mwini wakeyo, ndipo ndinawawerengera mayankho anu onse. Mwanayo atamva za Quantity Surveying anati ndi yomweyo imene amaifuna, kungoti dzina samalidziwa. Tagwirizana kuti abwereza, ndipo ya TEVETA adzalembanso monga anenera achimwene a ku Liwonde. Amalume ake avomera kuthandiza theka la fizi.

Aphunzitsi a ku Monkey Bay, ndikufunseninso chimodzi. Kodi alembenso maphunziro onse, kapena Physics ndi Chemistry zokha kuti mutu usagawikane? Ndipo pali mnzanga wina akuti atengenso Technical Drawing poti ndi ya zomanga.

Mphunzitsi wa Masamu, Monkey Bay

Alembe onse, bambo. Mapointi 22 ndi abwino, koma pa makosi a ku MUBAS amenewa akapikisana ndi ana a m'sukulu zogonera konko omwe ali ndi ma 1 ndi ma 2. Akangokonza Physics yekha adzakhala wakwanitsa zofunika koma ali kumbuyo pa mzere. Cholinga chikhale kukweza Masamu kufika pa distinction, Physics ndi Chemistry zilowe mu credit yabwino, Chingerezi chisatsike. Kukhala ndi satifiketi imodzi yolimba kumachotsanso nkhawa ya kuphatikiza zotsatira za zaka zosiyana.

Technical Drawing ayi. Phunziro lomwe sanaliyambe ku Fomu 3 asalitole chaka cha mayeso, ndipo sukulu zambiri kuno zilibe mphunzitsi wake. Kujambula akakuphunzira bwinobwino akalowa. Inuyo ntchito yanu ndi iyi: mukapita kukafunsa malo pa sukulu yomwe mwasankhayo, pemphani kuti akuonetseni labu ndi maso anu, mufunse kuti mphunzitsi wa Physics alipo wokhazikika kapena ndi wobwereka, ndipo mufunse tsiku lomaliza kulembetsa mayeso a MANEB kuti dzina lake lisatsale. Kope la ku saiti lija azilisunga Loweruka lokha, masiku enawo akhale pa mabuku.