Bambo anachira khansa ya m'kamwa koma sakudya ndi anthu, zimatha izi?

mwana_wachisamba:
Moni nonse. Bambo anga anawapanga opaleshoni ya khansa ya m'kamwa, anachotsako mbali ya lilime kenako anawawotcha ndi radiotherapy (cheza champhamvu chophera khansa). Adokotala akuti khansayo sikuonekanso, tikuthokoza, koma abale munthuyo sali ngati kale. M'kamwa mumangouma moti usiku amangodzukadzuka kufuna madzi, chilichonse akuti sichikukoma, pakamwanso sipakutseguka bwino mpaka supuni imavuta kulowa. Chikundiwawa kwambiri n'choti anasiya kudya pagulu amakadyera okha kuchipinda, foni ikalira amapatsa amayi poti anthu amangoti "mwati bwanji?" Kodi zimatha izi kapena tingozolowera?

ndinapulumuka:
Pepani kwambiri achemwali, ine ndinadutsa momwemo. Kuuma kuja ndi chifukwa radiotherapy imaononga tiziwalo topanga malovu, ena malovu amabwererako pang'ono, ena ayi, ine mpaka lero sindiyenda opanda botolo la madzi. Chingamu chopanda shuga chimathandizako. Kukoma kwa chakudya nthawi zambiri kumabwerera koma pang'onopang'ono, zimatenga miyezi. Aziwapatsa zofewa zamsuzi wambiri, pang'ono pang'ono koma pafupipafupi, tsabola ndi zowawasa zimaotcha, fodya ndi mowa ndiye asayerekeze.

Zodyera kuchipindazo ndi manyazi, ndikukuuzani. Umatafuna nthawi yaitali anzako atamaliza kalekale, china chimagwa pakamwa osadziwa poti mlomo unachita dzanzi, ndiye umaona ngati aliyense akukuyang'ana. Musawakokere pagulu. Mmodzi azikakhala nawo n'kumadya nawo mosathamanga, ena adzaonjezereka okha.

namwino_wapaintaneti:
Ndionjezere zachipatala poti ambiri amazisiya mpaka zitakula. Nsagwada zikuumazo zisadikire, minofu imalimba ikawotchedwa ndipo mukachedwa kuifewetsa kumavuta. Yesani kuona ngati zala zawo zitatu zosanjikiza zikulowa pakati pa mano akutsogolo, ngati sizikulowa apemphe kuti awaonetse masewera otsegula pakamwa ochita tsiku lililonse.

Mano nawonso. Popanda malovu mano amabooka msanga kwambiri, ndiye azitsuka ndi mankhwala okhala ndi fluoride (yolimbitsa mano), ndipo chonde chonde asakazulitse dzino osamuuza dokotala wamano kuti anawotchedwapo, fupa la nsagwada lowotchedwa limavuta kupola ndipo likhoza kuyamba kufa. Akamakhosomola kapena kutsamwa pomwa madzi kanenani, madziwo akhoza kumalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ngati akungofooka ndi kumva kuzizira ayezetse magazi a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kothandiza kuti thupi lizikhala ndi mphamvu, chimafooka mwa anthu ambiri owotchedwa pakhosi ndipo mapiritsi ake alipo. Masiku a cheki-apu asadumphe, khansa ikafuna kubwerera imakonda zaka ziwiri zoyambirira, chilonda kapena chotupa chatsopano chikadutsa masabata awiri osapola musadikire deti.

mkazi_wa_wodwala:
Amuna anga zinawavuta ndi zolankhula zomwezo. Alipo akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi kumeza, funsani ngati mungawapeze, amathandiza zedi. Kunyumbako musamawamalizire mawu, ngakhale mwadziwa kale chomwe akufuna kunena dikirani amalize okha, ndipo zimitsani wailesi akamalankhula. China chomwe anthu sachitchula ndi kukhumudwa. Aliyense amangoti "mwachira, thokozani" pomwe munthu nkhope yasintha, mawu asintha, sangadandaule poopa kuoneka osayamika. Mukaona sakugona, asiya zomwe ankakonda, kapena akunena zoti bola akanangofa, kauzeni adokotala msanga, amenewonso ndi matenda ndipo thandizo lake lilipo.

mwana_wachisamba:
Zikomo kwambiri nonse. Zala zikulowa ziwiri zokha, ndipo dzino lina lakumbuyo likuwawawa amafuna akalizulitse sabata ino, ndawaletsa kaye mpaka tikaonane ndi adokotala awo. Anamwino, magazi a chithokomirowo tikapemphe tokha kapena amayeza okha pa cheki-apu?

namwino_wapaintaneti:
Kapempheni, osangodalira kuti akumbukira. Muwauzenso za zala ziwirizo tsiku lomwelo.