Gulu la banja: ulendo wa amayi wa ku Blantyre

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Kalata yotumiza amayi ku Gulupu yatuluka, tsiku lake ndi Lachitatu sabata yamawa. Tinagwirizana K45,000 aliyense. Mwa anthu 8 apereka ndi 3 okha. Mayina sinditchula, aliyense akudzidziwa.

Amalume: Ine ndinafunsa kale. ECG ya mtima anajambula konkuno inatuluka bwino. Ku Blantyre akukatani? Denga la mlongo wanga likudontha ndipo mvula yayandikira.

Asisi anesi: Amalume, ECG ija anajambula amayi atagona phee pabedi, masekondi khumi okha. Chifuwa chimawathina akamakwera kachitunda kochokera kumsika kapena akasenza ndowa, akakhala pansi pang'ono chimasiya. Vuto lotere kawirikawiri silioneka pa ECG ya munthu amene akupuma.

Achimwene aku Namwera: Ndilembe za m'buku lawo la kuchipatala kuti tisakangane pa zam'mutu. M'chiuno 104 cm, pomwe malire a munthu wamkazi ndi 80. BP 158/96, ndipo yakhala yokwera maulendo onse. Shuga wa m'mawa asanadye 6.6. Malire ndi 5.6, akafika 7.0 pa masiku awiri osiyana timati ndi matenda a shuga. Timawerenga zinthu zisanu: mimba, BP, shuga, ndi mafuta awiri a m'magazi, triglycerides ndi HDL. Zikakwana zitatu zosakhala bwino, vutolo timalitcha metabolic syndrome. Amayi zitatu zakwana kale, mafuta a m'magazi sanayezedwe n'komwe.

Amalume: Akazi akwathu onse ndi athupi. Agogo anu anali onenepa kuposa apa.

Alamu: Ndatumiza pa Mpamba achemwali, taonani.

Achemwali aakulu: Zafika alamu, zikomo. Anayi tsopano.

Chitsiriza: Amalume ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Mtima ndi wosiyana ndi minofu ina. Ngakhale munthu ali chikhalire, umayamwa kale pafupifupi 70% ya okosijeni wa m'magazi amene akudutsa m'mitsempha yake. Ndiye amayi akayamba chitunda, mtima ulibe poonjezera kuyamwa. Chimene chimatsala ndi chakuti mitsempha ifutukuke, magazi odutsa achuluke kanayi kapena kasanu. Madokotala amati coronary flow reserve, ndipo ikatsika pansi pa 2 ndiye kuti pali vuto.

Chitsiriza: Amene amatsegula ndi kutseka njirayo si mitsempha ikuluikulu ija, koma timitsempha ting'onoting'ono tolowa mkati mwa mnofu wa mtima. Paipi yaikulu ya pamsewu itha kukhala yabwinobwino koma mpopi wa m'nyumba n'kumangodontheza. Munthu amatha kujambulidwa angiogram, chithunzi cha mitsempha ya mtima, mitsempha yaikulu n'kuoneka yosatsekeka, chifuwa chikupwetekabe. Zimenezi zimapezeka kwambiri mwa amayi.

Azakhali: Nanga chimaumitsa timitsemphato ndi chiyani mwana wanga

Chitsiriza: Mkati mwa mtsempha uliwonse muli kachikopa kopyapyala, endothelium, kamene kamatulutsa nitric oxide. Ndi iyeyo amauza mtsempha kuti umasuke. Robert Furchgott anaonetsa mu 1980 kuti ukachotsa kachikopako mtsempha sumveranso, ndipo mu 1998 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Louis Ignarro ndi Ferid Murad. Shuga wokwera, BP ndi insulin yosagwira bwino ntchito zimachepetsa nitric oxide ameneyu. Mafuta a m'mimba komanso mafuta amene amakuta mitsempha ya mtima nawonso sangokhala chete, amatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa. Ku Indiana University ku America akhala akufufuza zimenezi pa nkhumba za mtundu wa Ossabaw. Amazidyetsa zamafuta ndi zashuga kwa miyezi ingapo, zimanenepa, BP ndi mafuta a m'magazi zimakwera, ndipo mitsempha ya mtima imayamba kulephera kufutukuka bwino.

Amalume: Mlongo wanga mukumuyerekeza ndi nkhumba?

Chitsiriza: Ayi amalume, pepani ngati zamveka choncho. Amasankha nyamayo chifukwa mtima wake ndi mitsempha yake n'zofanana kwambiri ndi za munthu.

Amalume: ECG inatuluka bwino. Denga likudontha.

Msuweni waku Monkey Bay: Pa nkhani ya denga, malata aja anagulidwa chaka chatha ali kuti kodi

Azakhali: Tisayambe zimenezo pano

Msuweni waku Monkey Bay: Ndangofunsa. Za chiliza cha agogo tinafunsanso chonchi.

Alamu: Kodi mbuzi yoyera ija inabereka?

Azakhali: Awiri, koma kamodzi n'kofooka

Achemwali aakulu: Abale, mbuzi ndi malata tikamba Loweruka. Bajeti nayi. Mayendedwe a anthu awiri K120,000. Makina a BP a pakhomo K80,000. Zoyeza magazi ngati zina tidzalipire kwina K100,000. Chakudya ndi zapadera K60,000. Zonse K360,000. Achimwene aku Joni, mauthenga mukuwerenga, tikuona.

Amalume: Tsono mwati timitsemphato sitioneka pachithunzi. Ku Blantyre akaona chiyani? Ndalama zongotaya.

Achimwene aku Namwera: Funso labwino amalume. Echo, sikani ya mtima imene akawajambule kumeneko, sionetsadi timitsemphato. Koma imaonetsa ngati khoma la mtima lakhuthala chifukwa cha BP, ngati mtima ukupopa ndi mphamvu, ndiponso ngati valavu, kachitseko ka mkati mwa mtima, yachepa. Valavu yochepa imapweteketsa chifuwa pachitunda chimodzimodzi, koma chithandizo chake n'china, ndipo mankhwala ena a mtima amatha kumugwetsa munthu wotere. Khoma lokhuthala limafuna magazi ambiri komanso limafinya timitsempha tomwe tija. Adokotala sangasankhe bwino mankhwala asanaone zimenezi. Akayezanso impso, kuchuluka kwa magazi, kolesterolo ndi HbA1c, imene imaonetsa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Ikafika 6.5% ndi shuga ameneyo.

Asisi anesi: Ndionjezere. Mbali ya kumanzere ya mtima imalandira magazi ake makamaka pa kanthawi kamene mtima wamasuka pakati pa kugunda kuwiri. Ukamathamanga, kanthawiko kamafupika. N'chifukwa chake chifuwa chimawagwira akafulumira, ndipo mwina adzawapatsa mankhwala ochepetsa liwiro la mtima. Koma wina asawagulire atenolol ku famase pa nzeru zake chonde.

Asisi anesi: Wopita nawo amve izi. Kuyambira 9 koloko usiku wa Lachiwiri asadye kanthu, madzi okha, tiyi ayi. Pakufunika maola osachepera 8. Mankhwala a BP amwe m'mawa monga mwa nthawi zonse. Atenge buku la kuchipatala, pepala la ECG lija, ndi mapaketi a mankhwala onse, ngakhale a zitsamba aja akubisa kuchipinda. Anyamule chakudya choti adye akangotengedwa magazi. Anyamuke Lachiwiri, Mangochi ndi Blantyre si pafupi.

Azakhali: Akagona kwa ine ku Chilomoni, malo alipo

Achimwene aku Namwera: Wogula makina a BP ayambe wayeza mkono wa amayi ndi tepi, pakati pa phewa ndi chigongono. Ukaposa 32 cm mugule a lamba wamkulu. Lamba wochepa pa mkono waukulu amanamiza, nambala imakwera kuposa yeniyeni. Gulani omanga pamkono, osati padzanja. Poyeza akhale pampando mphindi 5, msana atatsamira, mapazi pansi, mkono patebulo, osalankhula. Muyeze kawiri motalikitsa mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, mulembe m'kope. Ndipo indosidi ndi bufeni za m'golosale zimene akumwera mawondo asiye, zimakweza BP ndi kuvulaza impso.

Alamu: Ine ndi amene ndimaphika, ndiuzeni za kukhitchini

Asisi anesi: Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo. Usipa wothira mchere muziyamba mwauviika n'kutaya madziwo. Soda wa mu therere ndi timakyubu ta supu zilinso ndi sodium, amene ali mu mchere ndipo amakweza BP, muchepetse. Chambo ndi utaka n'zabwino, zophika kapena zowamba, osati zosambira m'mafuta. Nsima ya mgaiwa mtanda umodzi ndi theka, masamba ndi nyemba zichuluke. Chachikulu ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi m'mawa, ndi Sobo masana. Ali ndi 92 kg. Atatsika ndi 5% mpaka 10%, kutanthauza 5 mpaka 9 kg, BP ndi shuga zimatsika nawo ndipo kachikopa kaja kamayambanso kugwira bwino. Pang'onopang'ono, miyezi isanu ndi umodzi, osati kuwamana chakudya.

Amalume: Mukamuondetsa anthu anena kuti akudwala, kapena ana ake sakumusamala.

Achemwali aakulu: Anthu anena kale zambiri za ana ake amalume. Ena apa sanabwere ngakhale pa Khrisimasi.

Chitsiriza: Kuyenda kumathandizanso, magazi akamathamanga m'mtsempha nitric oxide amatuluka wambiri. Mphindi 30 masiku asanu pa sabata, pamalo a fulati, m'mamawa dzuwa la kuno lisanaswe mtengo. Koma adikire kaye adokotala avomereze.

Achimwene aku Namwera: Alamu, ichi muchisunge. Chifuwa chikawagwira ali chikhalire, kapena chikapitirira mphindi 15 osasiya, thukuta lozizira, mseru, ululu wofika kunsagwada kapena mkono wamanzere, musadikire gulu lino. Atafune aspirin wa 300 mg, poti alibe zilonda za m'mimba ndipo sawawenga, mupeze galimoto kupita kuchipatala cha boma, osati kuwayendetsa pansi kapena pa kabaza. Amayi achikulire ndi anthu a shuga nthawi zina samva ululu, amangofooka ndi kubanika. Zimenezo muzitenge chimodzimodzi.

Alamu: Ndamva achimwene. Nambala ya mwini galimoto wa pafupi ndili nayo.

Msuweni waku Monkey Bay: Ndatumiza K30,000 pa Airtel Money, yotsala Lolemba. Koma malisiti tidzaone ulendo uno.

Achemwali aakulu: Mudzaona. Atsala atatu, ndi K15,000 ya asuweni.

Amalume: Yanga ndibweretsa pamanja mawa. Koma denga likudontha, ndanena.

Asisi anesi: Wopita nawo ndani? Ine Lachitatu ndili pa shifiti ya usiku.

Chitsiriza: Ndidzawachingamira pa depoti ku Blantyre n'kukhala nawo pamzere. Pakufunika wowakweza kuno.

Achemwali aakulu: Ndiwaperekeza ine, ana ndisiyira alamu. Achimwene aku Joni, tikudikira mpaka Lamlungu madzulo.