Nyumba ya makolo ku Kapata, tiyambire pati? Thandizeni nzeru

Muli bwanji nonse pa gulu. A admin ndibiseni dzina chonde, abale anga ena ali momwe muno ndipo nkhaniyi kunyumba siinathe.

Ndi yaitali pang'ono mundipirire. Tili ndi nyumba ku Kapata, zija za khonsolo zakalekale, malemu adadi anaigula nthawi imene a Chiluba anagulitsa nyumba za khonsolo kwa amene ankakhalamo, mu 1996. Chigulireni chomwe chinasintha ndi penti basi, ndi mita ya ZESCO ya mayunitsi. Zipinda zogona ziwiri, pabalaza pang'ono, ka khitchini koti mukalowa awiri wachitatu aime pakhomo, chimbudzi ndi bafa zili panja kuseri pafupi ndi mtengo wa mango. Denga ndi la asbestos, silingi mulibe, pansi ndi simenti yofiira ija amayi amapaka Cobra loweruka lililonse mpaka kumadziona nkhope. Masoketi nyumba yonse alipo atatu, ndiye firiji, TV, ayironi ndi matchaja a ana zonse zili pa ma adapta olumikizalumikiza, tsiku lina imodzi inachita kusungunuka fungo tinalimva tili panja.

Ine anandisamutsa kuntchito kubwera kuno ku Chipata ndiye tinagwirizana kuti m'malo molipira lendi, ine ndi amuna anga ndi ana awiri tizikhala ndi amayi poti akula, ali ndi zaka 71 ndipo mawondo ndi amene akuwasowetsa mtendere. Usiku kuchimbudzi amapita ndi tochi, ndipo pakhomo la kukhitchini pali masitepe awiri, mu Febuluwale anaterereka pomwepo mvula itagwa, mwayi sanathyoke koma anakhala sabata yonse akuyenda chogwira khoma. Apa mpamene ndinati ayi nyumbayi tiikonze.

Ndalama zomwe ndili nazo ndi K60,000, zina za chilimba zina akulu anga a ku Kitwe anaponyapo. M'mutu mwanga ndinali ndi zambiri: chimbudzi chilowe mkati, khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza ligwe pakhale pamodzi potakasuka ngati nyumba zatsopano zomwe tikuona ku Kalongwezi, asbestos ichoke tiike malata a IBR, matailosi paliponse, mawaya atsopano, ndipo ngati zatsala chipinda cha ana poti pano akugona pabalaza, m'mawa kupinda matilesi anthu asanadzuke.

Vuto loyamba amayi eni ake. Za kugwetsa khoma akukanitsitsa. Akuti "iwe, apongozi anga akhale pampando akuonera mpira ine ndili chiweramire kuvundula nsima pamaso pawo? Unazionapo kuti?" Poyamba ndinaseka koma ndikaganiza bwino penanso akunena zoona, kuyambira 2024 muja madzi anatsika ku Kariba malaiti n'kumangopita tsiku lonse, sitovu yathu inasanduka poika mapoto, chophikira chenicheni ndi mbaula, ndiye utsi wa makala ndi fungo la kapenta zonse zizikathera m'masofa? Chimbudzi cha mkati avomera koma osati pomwe mmisiri analoza, poti chitseko chake chizipenyana ndi pabalaza. Akuti ndizilowa apongozi akundiona, ndikagujumula madzi amvenso, bola ndizipita panja pomwepo ndi tochi yanga. Amuna anga nawo ndi amanyazi, amayi akakhala pabalaza iwo amakakhala pakhonde ndi foni, anthu awiriwa amalemekezana mpaka nyumba kuchepa.

Vuto lachiwiri ndinaliyamba ndekha, ndivomere. Ndinaitana mmisiri wina amene anandilozera anzanga a kutchalitchi, ndinamupatsa K2,500 yoyambira amayi ali ku maliro kumudzi, ndimati akabwera apeze zayambika basi azolowera. Iye anakwera pa diramu n'kuchotsa mizere itatu ya njerwa pamwamba pa khoma lija, kungoona mtanda wa denga wagona pomwepo pakhomalo. Mawa lake ndinapeza mng'alu wayambira pakona ya windo la pabalaza kukwera m'mwamba, woti ndalama ya K1 yachitsulo imalowa. Iye akuti "zazing'ono izi madamu, tingoika linta basi." Ndinamuimitsa, njerwa zili mulu panja, amayi atabwera anangoyang'ana khomalo n'kulowa kuchipinda osayankhula, mpaka lero moni wake ndi wa pakamwa chabe.

Chachitatu, pepala la nyumba likadali m'dzina la adadi. Tilipo ana anayi, wotsiriza akuti tingogulitsa tigawane aliyense akagule puloti yake.

Ndiye anzanga amene munakonzapo nyumba zakalezi, ndi ndalama imeneyi chofunika kuyamba n'chiti, khomalo tilibwezere kapena timalize, asbestos ndi yoopsadi monga anthu akunenera kapena tiisiye, nanga chimbudzi chingakhale pati poti amayi azilowa momasuka? Osandinyoza chonde ndadzinyoza kale ndekha.

Mmisiri wa ku Katete:
Mayi, khomalo bwezerani njerwa zake sabata ino, musadikire mvula. Nyumba zambiri zakale zija zilibe ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, ndiye makoma a mkati amathandiza kunyamula denga, ndipo asbestos ndi yolemera kuposa malata wamba. Linta, mtanda wa konkire wonyamula za pamwamba, siyongoika ngati shelefu ayi, imafuna zipilala mbali zonse ziwiri zokhala pa maziko ake, zitsulo za Y12 mkati, denga mwalichirikiza ndi mitengo, ndipo konkire imafuna masiku 28 kuti ikhwime bwino. Zonsezo zidya gawo lalikulu la ndalama yanu pa chinthu chomwe mwini nyumba sakuchifuna n'komwe. Mng'aluwo lembani ndi pensulo pomwe wathera ndi deti lake, muziona sabata iliyonse, ukamapitirira itanani injiniya adzaone asanamate. Za chimbudzi musaswe mkati. Mangani kachipinda panja kogundana ndi chipinda cha amayi, windo lawo mulisandutse chitseko poti pamwamba pake pali linta kale, mungotsitsa njerwa za pansi. Akalowa kuchipinda kwawo palibe adziwe komwe apita, mapaipi onse akhala panja osakumba pansi pa nyumba, ndipo chimbudzi chakale chisiyeni cha abambo ndi alendo. Windo latsopano muike khoma lina kuti chipinda chisade. Ndondomeko yake: chimbudzi, mawaya, silingi, penti. Matailosi amabwera pomaliza zonse, amene amayamba ndi matailosi amadzawaswa yekha poika mapaipi.

Mayi wa ku Mchini:
Mwana wanga amayi ako sakulakwa. Ife tinagwetsa khoma chaka chatha, lero ndikuphikira panja pa kashedi ka malata poti alendo akabwera mbale zakuda zonse zili poonekera. Amangire ka khitchini ka panja kabwino kotchinga mphepo, kokhala ndi poika mbaula pokwera kuti asamawerame, uona m'mene akondwere. Komanso matailosi onyezimira aja ndi mawondo a munthu wamkulu sizigwirizana, madzi akangodontha pang'ono wagwa. Simenti yofiirayo isiye, kubafa kokha ika okhakhala aja ndi chitsulo chogwirira pakhoma.

Membala wina:
Gulitsani chabe mukamange yatsopano, nyumba yakale ili ngati galimoto yakale, ukakonza apa pena pafa 😂

Mwini positi:
Akulu, mugulitse amayi muwaike kuti? Mango uja anabzala ndi adadi, mwina inu mukawauze.

Wina wa zaumoyo:
Pa asbestos ndiyankheko. Choopsa ndi fumbi lake ukalipuma, tiulusi take timakhala m'mapapo ndipo matenda amadzaoneka patapita zaka 20, 30 kapena kuposa. Ikakhala ili bwinobwino padenga, yosasweka yosafumbutuka, siivuta kwambiri, ngozi imabwera anthu akayamba kuidula ndi grinder, kuiboola kapena kuiponya pansi kuti isweke. Ndiye ngati sikudontha isiyeni kaye, ikani silingi. Tsiku lomwe mudzaichotse ainyowetse ndi madzi, amasule mabawuti n'kutsitsa limodzi limodzi lathunthu, avale ma mask enieni osati kansalu, ana ndi agogo asakhale pafupi, ndipo zidutswa musathire mumsewu kukwirira maenje monga timachitira kuno. Asayendenso pamwamba pake popanda thabwa, yakale imaboka mwadzidzidzi. Dziwaninso kuti IBR popanda silingi mu Okutobala kuno kwathu mudzagona panja, ndipo mvula ikamagwa simumvana.

Bambo wa ku Moth:
Inu nonse mukukamba za simenti koma nkhani yaikulu ndi pepala. Ngati bambo anamwalira osasiya wilo, lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati nyumba ndi ya mkazi wamasiye pamodzi ndi ana, ndipo mayi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wawo wonse pokhapokha atakwatiwanso. Ndiye wotsirizayo sangagulitse amayi ali moyo asakufuna, komanso inu K60,000 yanuyo siikupangani kukhala mwini. Khalani pansi anayi nonse ndi amayi, amalume akhalepo, mulembe kuti ndani waika zingati ndipo tsiku logawana zidzawerengedwa bwanji, aliyense asaine. Malisiti onse sungani ngakhale a mchenga. Ine ndinamanga zipinda ziwiri pa nyumba ya makolo popanda cholemba, lero ndimapita ngati mlendo. Chinanso, chilichonse chowonjezera panja pitani ndi pulani ku khonsolo akavomereze musanakumbe, ndipo fufuzani ngati muli pa sewer kapena mufunika septic tank ndi soakaway, poti mtengo wake ukusiyana kutali.

Membala wina:
Mawaya musachedwe nawo, adapta ikasungunuka ndiye chenjezo limenelo. Pezani wa malaiti wa mapepala ake aike bokosi la ma breaker ndi earth, asiyiretu njira ya sola ngakhale simugula lero.

Mwini positi:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse ngakhale zondikalipira ku inbox. Dzulo madzulo ndinawapangira amayi tiyi n'kupepesa za khoma, kenako ndinawalowetsa kuchipinda kwawo n'kuwaonetsa windo lija kuti apa pakhale chitseko. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana panja, funso lawo loyamba linali loti mango sadulidwa? Tinayeza ndi chingwe ine ndi amuna anga, pakutsala mamita atatu kufika pa tsinde. Akuti tiyambe, koma mmisiri uja asapondenso pakhomo pawo, K2,500 yanga ndiye ndaiwerengera kuti yapita. Akulu anga abwera kumapeto kwa mwezi tidzakhale pansi za pepala. A ku Katete ndifunseko, mamita atatu amenewo mizu ya mango siidzasokoneza maziko ndi mapaipi? Ndipo kachipinda ka 2 mita kwa 2.5 mita, shawa ndi chimbudzi pamodzi, kangadye matumba angati a simenti ngati tigwiritsa njerwa zowotcha osati mabuloko?