Kodi kutuluka kwa Thrasea Paetus m'nyumba ya malamulo kunathandiza ndani?

Wophunzira mbiri:
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani imene yandisowetsa mtendere. M'chaka cha 59 AD, mfumu ya Aroma Nero itaphetsa mayi ake, Agrippina, nyumba ya malamulo ya Aroma inalamula kuti milungu ithokozedwe poti mfumu yapulumuka chiwembu. Thrasea Paetus, mmodzi wa aphungu a nyumbayo, anangonyamuka n'kutuluka osayankhula kanthu. Wolemba mbiri Tacitus anaona kuti munthuyu anadziika pangozi popanda kumasula wina aliyense. Kodi kumeneku kunali kulimba mtima, kapena kunali kungodziyeretsa yekha?

Mphunzitsi wopuma:
Funso lanu ndi labwino, koma tisaweruze munthuyu ndi tsiku limodzi lokha. M'chaka cha 62, Antistius Sosianus anaimbidwa mlandu wolemba ndakatulo zonyoza mfumu, ndipo ambiri anali okonzeka kuti aphedwe. Thrasea ndiye anaimirira n'kunena kuti malamulo ali ndi chilango china, ndipo anzake anamutsatira, kotero kuti Antistius anangopirikitsidwa m'dziko. Pamenepa pali moyo wa munthu umene unapulumuka chifukwa cha mawu ake. Thrasea anasiya kubwera kumisonkhano pambuyo pake, ataona kuti nyumbayo yasanduka malo ongovomereza zofuna za Nero, ndipo ngakhale pamene ankalamula kuti Poppaea, mkazi wa mfumu, alemekezedwe ngati mulungu, mpando wake unali wopanda munthu. Mpando umenewo unkamuwawa Nero kuposa chipongwe, chifukwa lamulo lonamizira kuti onse agwirizana limaonekera poyera akasowa munthu mmodzi wolemekezeka.

Mayi wa ku Zomba:
Ine chimene chimandikhudza mtima, bambo mphunzitsi, ndi zimene Thrasea anachita m'chaka cha 66 ataimbidwa mlandu umene unamubweretsera chilango cha imfa. Arulenus Rusticus, mnyamata amene udindo wake unkamulola kuletsa chigamulo, anadzipereka kuti amutchinjirize, koma Thrasea anamukaniza, podziwa kuti zikanangophetsa mnyamatayo pachabe. Mkazi wake Arria anafuna kufa naye limodzi monga anachitira mayi ake kwa mwamuna wawo, koma iye anamudandaulira kuti akhale ndi moyo chifukwa cha mwana wawo wamkazi. Munthu wongofuna kutchuka sakanaletsa ena kumutsatira kumanda.

Wophunzira mbiri:
Zikomo kwambiri nonse. Za Antistius sindinkazidziwa, ndipo zandichititsa kuti ndiyambirenso kuwerenga zaka za pakati pa 59 ndi 66.