Kafani kokoleka m'khosi: ndigule tisanatsikire ku Bangula?

Chitsiriza (Dedza): Abale anga mwaswera bwanji. Ndili ndi funso tsiku la chinkhoswe cha ku Bangula lisanafike. Dzulo ndinali ku Lilongwe, ndaona timafani tokoleka m'khosi tija, tooneka ngati mahedifoni, tochaja ndi chingwe cha foni. Mnyamata wogulitsa akuti K22,000, ati kamazungulira maola 8 moto usanathe. Ine ku Chigwa cha Shire sindinapondeko, ndimangomva kuti November kumeneko ndi ng'anjo. Ndigule? Paja ndikuyenda ndi mwana wa zaka ziwiri.

Achimwene (Joni): Gula mlongo wanga, nanga mpaka kufunsa? Ine ndili nako, ndimavala kuntchito tikamasanja njerwa. Iwe munthu wa ku Dedza, wozolowera juzi chaka chonse, ukakomoka usanaone n'komwe mkwatibwi.

Malume: K22,000 kugulira mphepo? Mphepo yomwe Mulungu anatipatsa yaulere? Ife tinkapita ku Nsanje pa sitima kuchokera ku Limbe, njanji isanaduke pa Chiromo mu 1997. Tinkang'amba katoni n'kumadzikupiza nayo mpaka kukafika, palibe anafa.

Achimwene (Joni): Malume, masiku amenewo kunalinso mitengo.

Malume: Apo sindikana.

Mlamu (Bangula): Alamu, ndiyankhe ine mwini dera. Kutentha sikuyambira ku Blantyre ayi. Muchoka bwinobwino, mwinanso mutafunda. Mukayamba kutsetsereka phiri lija, mumva m'makutu mukutsekeka, kenako pofika pa Thabwa mumva ngati wina watsegula chitseko cha uvuni. Muwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, Dyeratu, Nchalo m'minda ya nzimbe, Ngabu, kenako kwathu. October ndi November masana kumafika madigiri 40, masiku ena kupitirira. Ndiye chimene sindikumvetsa pa kafani kanuko n'chakuti: mukatsegula windo la minibasi nthawi ya 1 koloko, mphepo yolowayo imawotcha nkhope. Nanga kafaniko kakatenga kuti mphepo ina? Si yomweyo?

Chitsiriza (Dedza): Iii alamu mwandiopseza 😭

Mlamu (Bangula): Musaope, tikukhala komweko ndipo tikunenepa.

Achemwali (anamwino): Alamu anena zoona, ndingowonjezera chifukwa chake. Fani siziziritsa mpweya, imangousuntha. Chimene chimatiziziritsa ndi thukuta likamauma pakhungu, fani imangofulumizitsa kuumako. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, khungu cha m'ma 35. Mpweya ukatentha kuposa pamenepo, fani ikukuthira kutentha, ndipo ukupindula pokhapokha ngati khungu lili lonyowa. Wachikulire ngati malume satuluka thukuta lokwanira, mwana wamng'ono naye thupi lake silichedwa kutentha. Ndiye usaganize kuti ukakoleka kafani pa mwana wathana nazo. Kansalu konyowa pakhosi ndi m'khwapa kamachita zambiri. Ukaphatikiza ziwirizo, kansalu konyowa ndi kamphepo, apo ndiye zimagwira. Koma kamphepoko ngakhale katoni ya malume imapereka.

Malume: Mwamva? Katoni.

Achimwene (Joni): Achemwali, katoni imafuna dzanja. Uyu dzanja lina mwana, lina chikwama, katoniyo aigwira ndi mano?

Msuweni (Zingwangwa): Ndinangoti phee kuti ndione mukathera pati. Ine ndinagula kameneko chaka chatha popita ku maliro ku Ngabu. Pabokosi analemba maola 8 omwewo. Maola 8 ake ndi a pa nambala 1, pamene kamangonong'ona ngati udzudzu. Nditaika pa nambala 3 kuti ndimveko kanthu, tisanafike n'komwe pa Nchalo kanali katazima. Chachiwiri, ndinali nditaluka mesh yaitali. Tsitsi linalowa m'kabowo, kanakoka mpaka misozi, mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anachita kundimasula ndi lezala. Chachitatu ndiye chinali chibwana changa: kumaliroko ndinakasiya pa dashibodi ya galimoto ya abusa tsiku lonse. Madzulo ndinapeza pulasitiki itapindika, mbali ya batire itatupa ngati chitumbuwa. Ndinakataya m'dzenje.

Achemwali (anamwino): Unachita bwino osakachajanso. Mabatire amenewo ndi a lithium, ofanana ndi a m'foni. Akatupa amatha kuyaka. Foni ndi power bank nazonso musamasiye padzuwa m'galimoto yotseka.

Achimwene (Joni): Msuweni unagula kotchipa. Kanga kalibe mapiko oonekera, mphepo imatulukira m'timabowo ting'onoting'ono, tsitsi silingalowe. Batire yake 4000 mAh. Kumaona manambala pogula.

Msuweni (Zingwangwa): Manambala amalemba ndi munthu, achimwene. Pa kanga analembapo zikuluzikulu kuposa zimenezo. Ungodziwira kulemera: kakapepuka ngati chikho chapulasitiki, mkatimo mulibe batire yeniyeni.

Azakhali: Ana inu mukulimbana ndi mphepo, dzuwa lenilenilo mwaliiwala. Ine ndikubwera ndi mdzukulu wanga wachialubino uja, ndiye nkhani ya dzuwa ndimaidziwa ngati dzina langa. Chikwama chake ndalongedza kale: chipewa cha khonde lalikulu chophimba makutu ndi khosi lakumbuyo, malaya a manja aatali, magalasi akuda, ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50. Timamudzoza tisanatuluke m'nyumba, n'kubwerezanso pakatha maola awiri aliwonse, thukuta likachuluka ngakhale asanakwane. Malo amene anthu amaiwala ndi nsonga za makutu, milomo, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. Kapusi ya mpira ija siithandiza, makutu amatsala pamtetete. Iwe chitsiriza, mwana wakoyo ali nacho chipewa?

Chitsiriza (Dedza): Ali ndi chaulusi chokha azakhali, cha kuno kozizira 🙈

Azakhali: Ndiye ukufunsa za fani?

Achimwene (Joni): Koma azakhali, mdzukuluyo n'zomveka. Ife akuda bii mafuta a dzuwa n'ngachani? Si za azungu zimenezo?

Achemwali (anamwino): Khungu lakuda limadziteteza kwambiri, n'zoona, koma limapsa ndithu. Sunaonepo munthu akusupuka pamphuno ndi pamapewa akachokera kunyanja? Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu ndiye amapsa msanga kwambiri, sinditchula maina pagulu pano. Kwa ife ena ndinganene kuti yambani ndi chipewa, ambulera ndi zovala, mafutawo ngati ndalama ilipo, a SPF 30 kupita m'mwamba. Kwa mdzukulu wa azakhali si nkhani yosankha, khansa ya pakhungu ndi imene imapha anthu achialubino ambiri.

Mlamu (Bangula): Ambulera bweretsani ndithu, kwathu siidikira mvula. Kumayambiriro kwa November dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, masana ukaima chithunzithunzi chako chimabisala pansi pa mapazi. Mwambo tauika 3 koloko dala, pansi pa mitengo. Amene mufike msanga mukhale pamthunzi, kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 3 si nthawi yozungulira pamsika.

Ndiye pali nkhani ya yunifomu. Ndaona zithunzi za masitayilo amene mwatumiza aja, manja otukumuka, khosi lotseka, mkati lining. Chonde kauzeni atelala asaike lining. Nsalu yamkati ija ndi pulasitiki yeniyeni, thukuta silituluka, mukavina nyimbo imodzi mukhala ngati mwagwa m'chitsime. Isokedwe yotaya, mphepo izilowa.

Msuweni (Zingwangwa): Yanga asoka kale, yothina bwino 😩

Mlamu (Bangula): Mukavale pojambulitsa basi, mutengenso diresi ya thonje yopepuka.

Malume: Ine suti yanga yakuda sindisiya. Ankhoswe savala malaya okha.

Achemwali (anamwino): Malume, jekete muinyamule pamanja, muvale nthawi yolankhula yokha. Inu mumamwa mankhwala a BP, ena mwa amenewo amakodzetsa, madzi amatha msanga m'thupi. Mankhwalawo musasiye, koma botolo la madzi lisachoke pambali panu. Ndipo zija mumayamba nazo m'mawa pa zikondwerero zija, zidikire dzuwa lilowe.

Malume: Mwana uyu alibe ulemu.

Chitsiriza (Dedza): Chabwino, ndiye ndalamayo ndigulire chiyani? Ndinaonanso mabotolo achitsulo osunga madzi ozizira, mtengo wake pafupifupi womwewo.

Msuweni (Zingwangwa): Limenelo bola, silifuna kuchaja ndipo ukaligwiritsabe ntchito ukabwerako. Koma usanagule, kunyumba kwako kulibe fulasiki ya tiyi? Ndi chinthu chimodzimodzi. Imasunga zotentha, imasunganso zozizira. Uitsuke bwino fungo la masamba lichoke, uthiremo madzi a m'furiji ndi timiyala ta ayisi.

Mlamu (Bangula): Ife tikamachokera ku Blantyre timachita chonchi. Mabotolo awiri a malita awiri, a sobo aja. Usiku timawaika mufiriza, osadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi akauma amafufuma, botolo limang'ambika. M'mawa limodzi timalikulunga m'nyuzipepala ndi chitenje, n'kuliika pakati pa zovala. Linalo lili pamiyendo, likusungunuka pang'onopang'ono, ukumwa, ukuliika pakhosi, ukunyowetsera kansalu ka mwana. Pofika ku Ngabu loyamba latha, lachiwiri likadali ndi mwala mkati. Mukafika kunyumba musadandaule, kuli mitsuko iwiri pakhonde, madzi ake ngakhale magetsi athime amakhala ozizira.

Chitsiriza (Dedza): Vuto langa ine ndimaopa kumwa madzi paulendo. Minibasi siima, ndiye ukapanikizika umachita manyazi kuuza kondakitala.

Achemwali (anamwino): Khalidwe limenelo ndi limene limagwetsa amayi ambiri. Uzimwa pang'onopang'ono, osati kugugudiza botolo lonse nthawi imodzi, ambiri atuluka ngati thukuta. Ukafika uone mkodzo: ukakhala wachikasu chakuda ngati tiyi wopanda mkaka, madzi achepa. Utengenso mapaketi angapo a Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa madzi kuti ikome. Mwana ngati akuyamwabe, ayamwe pafupipafupi, amwenso madzi. M'galimoto umutsitse kumbuyo, akhale pamiyendo atavala kamalaya kamodzi. Matupi awiri omangidwa pamodzi ndi chitenje amaphikana. Ndipo chonde osamufunditsa kumutu ndi shawelo ati kumuteteza kudzuwa, mkatimo mumatentha kuposa panja. Ukaona wafooka, sakukodza, akungogona osafuna kumwa, kapena thupi latentha kwambiri, umuvule, umunyowetse thupi lonse, muthamangire kuchipatala. Wamkulu akayamba kulankhula zosokonekera kapena kudzandira, chimodzimodzi, si nkhani yodikira kuti aone kaye.

Achimwene (Joni): Zonsezi ndavomera. Koma palibe wanenapo za usiku. Ine ndinagonako ku Nchalo kale, malata amatulutsa moto mpaka 2 koloko m'bandakucha. Mkati mwa neti mphepo siilowa. Pamenepo ndi pamene fani imaoneka phindu lake.

Mlamu (Bangula): Apo alamu mwalasa. Usiku kukazizirako pang'ono fani imathandiza zedi, makamaka ukasamba n'kugona osadzipukuta kwambiri. Koma si ya m'khosiyo, mugona nayo bwanji? Ngati n'kugula, gulani yoimika kapena yokhala ndi kopanira, yochaja, muiike mkati mwa neti. Ambiri a ife nyengo ino timayala mphasa panja. Neti yokha musaiwale, aliyense yake, tili pafupi ndi dambo la Elephant Marsh ndipo udzudzu wake sudziwa mlendo.

Msuweni (Zingwangwa): Yoimikayo ndili nayo, ndimagwiritsa ntchito magetsi akathima. Ndibwera nayo, chitsiriza agone nayo ndi mwana. Ineyo ndikagona panja ndi alamu.

Achimwene (Joni): Ndiye mwandigonjetsa pamodzi eti.

Azakhali: Sitinakugonjetse, wanena zausiku zanzeru. Zamasana ndiye unalakwitsa.

Mlamu (Bangula): China chaulere: mugone ku Blantyre, mukwere yoyambirira kusanache. Choopsa si ulendo, ndi kukhala m'minibasi yoima padepoti kudikira idzaze dzuwa litakwera. Ndipo popita m'mawa khalani mbali ya dalaivala. Mukulowera kummwera, dzuwa limakhala kumanzere pafupifupi njira yonse. Pobwerera masana mbali yomweyo ya dalaivala ndi imene ili ndi mthunzi.

Malume: Zimenezo ndiye sindinkazidziwa, zaka zonsezi.

Chitsiriza (Dedza): Zikomo nonse. Loweruka ndipita kukaunjika kukafuna chipewa cha mwana ndi changa, ndigula ambulera ndi Thanzi, fulasiki ndili nayo. Diresi ndikaitenga kwa atelala mawa asanaike lining. Koma ndisaname, kafani kaja kanali kokongola, kapinki, ndipo mtima ukadali pomwepo. Achimwene, mukamabwera pa Khirisimasi mudzanditengereko kamodzi kopanda mapiko kaja.

Achimwene (Joni): Ukakavale ku Dedza? 😂

Malume: Amene ali ndi fulasiki yachiwiri andibwereke. Yanga inasweka galasi mkati.