BC kapena BCE pa Wikipedia ya Chichewa? Ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Anzanga a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndimalemba nkhani pa Wikipedia ya Chichewa mongodzipereka, ngakhale ya bandulo sandipatsa. Laputopu ndi ya alamu anga, ndimachita kukwera minibasi kuchokera ku Area 25 mpaka ku Biwi, ndipo ndikafika apongozi awo amandiyang'ana ngati ndadzera nsima. Tsono m'nkhani ina ndinalemba chaka ndi BC, kutanthauza Khristu asanabadwe. Wina wasintha n'kuika BCE, kutanthauza nyengo yathu ino isanayambe (zaka zomwezo koma osatchula Khristu), ati malo ngati amenewa asamakondere chipembedzo. Ndabwezera, wasinthanso. Ndili mkati momuyankha magetsi athima. Ine ndimayimba kwaya, sindifuna kuchimwa, komanso sindifuna anditsekere akaunti. Nditani?

Bambo a Tadala: Bwezerani BC, musaope munthu! Amayamba ndi zilembo amenewa, mawa mumva achotsa pemphero pa asembule kusukulu. Dziko lino ndi loopa Mulungu, ngakhale nyimbo ya fuko imayamba ndi Iye.

Nachisale: Nkhaniyo ndi yonena za chiyani, ndipo anayamba kuilemba ndani, inu kapena iyeyo?

Che Jafali: Bambo a Tadala, Mulungu ifenso timamuopa. Kalendala yathu imayambira mu 622, pamene Mtumiki anasamuka ku Makka kupita ku Madina, koma pa chitupa changa pali zaka zomwe inu mumawerenga. Nambalayo sindilimbana nayo. Koma AD, imene imayendera limodzi ndi BC, imati chaka cha Ambuye, ndiye Msilamu akamalemba akhale akuvomera zimene sakhulupirira?

Bambo a Tadala: Nanga CE yanuyo, yolowa m'malo mwa AD, ikuwerenga kuchokera pa kubadwa kwa ndani? Mwangophimba dzina basi. Ndipo izi ndi za a Mboni, ndinaziona m'timabuku tawo.

Mayi a ku Kawale: Inde, mabuku athu amalemba B.C.E. ndi C.E., talakwanji? Tinaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, agogo anga anathawira ku Mozambique. Musatiyambe, bambo.

Mjomba Sikono: Achimwene, vuto lanu ndi laputopu yobwereka. Yanga ndinapititsa kokonzetsa m'tauni, inabwera yopanda batire. Mpaka lero.

Aphunzitsi a ku Likuni: Kawerengedwe kameneka anakayambitsa ndi mmonke Dionysius Exiguus mu 525, ndipo anaphonya. Herode anafa mu 4 BC, pomwe Mateyu amati Yesu anabadwa Herode ali moyo. Chaka cha 0 kulibenso, pa 1 BC mumangolumphira pa AD 1. A ku Ethiopia, Akhristu akalekale, kalendala yawo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8. Ku Wikipedia ya Chingerezi zonse ziwiri n'zololedwa: nkhani imodzi itsate njira imodzi, ndipo yomwe yakhazikika kale saisintha popanda kugwirizana. Lekani kubwezerana, amatsekera zimenezo. Kalembeni pa tsamba lokambirana.

Bambo a Tadala: Za Chingerezi zikhale kwa Angerezi. Ife pa Chichewa tilembe zonse: Khristu asanabadwe. Amene zikumuwawa atseke foni.

Nachisale: Ndafunsa kale, nkhani yake ndi iti? Ngati ndi ya Mose n'zina, ngati ndi ya mafumu a ku China n'zinanso.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Tsopano wandilembera uthenga wautali m'Chingerezi, mwano wokhawokha. Achemwali a Nachisale, ndiyankha ndikagula bandulo.

Che Jafali: Aphunzitsi anena zomveka, koma apa palibe akuwamva.

Bambo a Tadala: Ndawamva bwinobwino. Aphunzitsi, Herode mwati anafa mu 4 chiyani? Mwalemba nokha BC!